Khoswe Nambala 14

Ndinali nditathyola tiyi zaka ziwiri pamene anamwino a pachipatala cha pa esiteti anandiitana. Anati kwabwera anthu a kafukufuku, abwereka nyumba yakale kuseri kwa fakitale, ndipo akufuna munthu wa Fomu 4 wa manja osanjenjemera. M'mawa mwake ndinapita ndi setifiketi yanga.

Ntchito yake inali yosamalira makoswe oyera. Amayi atamva anaseka mpaka misozi. Kwathu ku Nchilamwela khoswe timamutchera msampha, sitimuyalira utuchi.

Otiyang'anira anali a Dokotala Namalomba, mayi wa mawu ochepa. Anandifotokozera kuti mankhwala ena a khansa amawononga timitsempha ta pamwamba pa diso, mpaka diso limasiya kumva ngakhale mutalowa kachitsotso. Makoswewo ankabayidwa mankhwala omwewo. Ena tinkawadonthezera m'maso za m'botolo A, ena za m'botolo B. Limodzi linali ndi mankhwala amene ankayesedwa ngati angateteze timitsemphato, lina madzi amchere chabe, koma sanatiuze kuti la mankhwala ndi liti.

M'mawa uliwonse ndinkavala magolovesi, kusintha utuchi, kuyeza khoswe aliyense pasikelo, kudontheza, n'kulemba pafomu. Lachisanu ndinkakulunga khoswe m'kathaulo, adokotala n'kukhudza diso lake ndi kaulusi ka nayiloni. Akaphethira, ndiye kuti mitsempha idakali moyo.

Pofika sabata yachisanu ndinayamba kudzionera ndekha. A botolo A ankaphethira msanga. Nambala 14, wa botolo B, ankangoti tong'o, ndipo diso lake lamanzere linayamba kuchita mbuu. Lachiwiri lina ndinamuyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinatenga botolo A n'kumudonthezera. Ndinateronso Lachitatu ndi Lachinayi. Pafomu ndinkalemba B.

Lachisanu, nditamugwira m'kathaulo, kaulusi katayandikira diso, mawu anangotuluka okha.

"Adokotala, uyu ndamupatsa A masiku atatu."

Anaika kaulusi patebulo. Sanakalipe.

"Esinati, akanaphethira lero tikanalemba kuti B ikuthandiza. Ndiye wodwala kuchipatala akanadzalandira chiyani?"

Ndinamasula Nambala 14 m'kathaulo, iwo n'kupitiriza.

"Mukaona nyama ikuvutika, mundiitane. Lamulo lilipo: timaichotsa n'kuichiza. Koma mobisa ayi."

Nambala 14 anachotsedwa m'kafukufuku tsiku lomwelo n'kuyamba kupakidwa mankhwala. Ntchito ya masabata asanu pa iye inapita pachabe. Adokotala anandipatsa cholembera kuti ndidule B zitatu zija ndi mzere umodzi, ndilembe zoona pambali, ndisaine dzina langa. Ndinatero.

Sanandichotse ntchito. Ndinakhalapo mpaka kafukufuku anatha, ndipo lero ndimaphunzitsa obwera kumene kumalo ena osungira nyama za kafukufuku. Ndimawauza kuti chisoni chidzawagwira ndithu, palibe woletsa. Chikawagwira, asiye botolo pansi, apite akagogode pachitseko cha adokotala.