Kapitawo anakana kutsika mumtengo

Fungo la polishi wofiira wa pakhonde likandipeza, makamaka likasakanikirana ndi la mtedza wokazinga pa mbaula, ndimangoona agogo anga a Tembo atakhala pa kampando kawo kuseri kwa nyumba yathu ku Dambwa, malaya atamasula mabatani chifukwa cha kutentha, mbalame ili paphewa ikuwaseweretsa khutu. Anali atate wa bambo anga. Fakitale ya mabulangete imene ankagwirako itatsekedwa anabwera kudzakhala nafe, ndipo pasanapite nthawi bambo anamwalira. Nkhalamba ija inatsala m'manja mwa mpongozi wake, amayi anga, yopanda ntchito, yopanda mwana, ili ndi mbalame yokhayo basi.

Chinali chinkhwe chaching'ono chobiriwira pamimba, chimene anachilanda kwa anyamata a malegeni chisanamere nthenga bwino. Anachitcha Kapitawo, ati chifukwa cholongolola ngati kapitawo wa kufakitale. Koma amayi, mayo ine, sankafuna n'kumuona komwe! Iwo ankadzuka mbandakucha kupukuta simenti chogwada mpaka iwale.

"Atate, nikazapeza zitosi pa simenti yanga, iyi nyoni izayenda," anatero tsiku lina.

"Osavutika, amake Chipo, tizaiphunzisa," anayankha agogo.

Ndipo anamuphunzitsadi. Ankamuyang'anitsitsa, akangoona kuti wayamba kubwerera chammbuyo n'kukweza mchira, ankamunyamula msanga n'kumuika pa kamtengo kamene anakhoma pamwamba pa beseni lobooka. Zitosi zikagwera m'beseni, pompo kachidutswa ka mtedza, ndi mawu oyamikira ngati wakhoza mayeso. Akaphonya, agogo ankangopukuta ndi kansanza mwakachetechete amayi asanaone. Ine nditafuna kumukwapula ndi kaudzu anandigwira mkono. "Iwe Chipo, ukaimenya izaphunzira chabe kuyopa kwanja yako."

Kuuluka nakonso anamuphunzitsa choncho. Anayamba ndi kulumpha kuchoka pampando kufika padzanja, kenako kuchokera pachitseko, mapeto ake Kapitawo ankapita mpaka pamwamba pa mtengo wa mango wa aneba, agogo n'kuimba mluzu wawo wautali wokhota kumapeto, iye phaa, n'kudzatera pamkono. Pa zoulukazi, mtedza ankalandira akamva mluzu umenewo basi, moti kuitana kwina kulikonse sankakulabadira. Agogo anafuna kundiphunzitsa, koma nditangosongola milomo amayi anatulukira ndi chikolopa m'manja.

"Mwana mukazi saimba muluzu! Mufuna bantu bakambe ati sininamulere?"

Agogo anangoti pepani. Amene akukusunga sutsutsana naye, ndiye nkhani inathera pomwepo.

M'mawa wina nyengo yotentha, Kapitawo ali mumtengo, agogo anagwa pampando. Anakhala kuchipatala masiku angapo, n'kubwerako mbali imodzi itafa, kamwa itapotokera kumanzere. Masiku onsewo mbalame ija sinachoke mumtengo muja. Inkadya mango osapsa, kulira, kusuzumira pakhonde, koma ine ndikatambasula dzanja lodzaza mtedza inkangondiyang'ana.

Tsiku lobwerako kuchipatala, agogo titangowatsitsa m'galimoto analoza kuseri kwa nyumba. Tinawakhazika pa kampando kaja, anakweza mkono wabwinowo, n'kuyesa kuimba. Munangotuluka mpweya ndi malovu. Anayesanso, nkhope yonse kunjenjemera, malovu akutsikira pa malaya. Kapitawo anatsika mpaka nthambi ya m'munsi, anapendeketsa mutu, akuwaona bwinobwino, akudikira. Abale inu, palibe chinthu chinandipweteka ngati chimenecho. Ndinakuwa, ndinatukwana mbalame ija, ndinalira mpaka mawu kusasa.

Tsiku lotsatira amayi anakazinga mtedza okha. Anaima pansi pa mtengo, chitenje chili m'chiuno, azimayi a pampopi akuonerera, n'kuyamba kusongola milomo. Mayi amene sanaimbepo mluzu chibadwire! Unkatuluka wosweka, wopanda kokhota kuja. Anatembenuka misozi ili mbwembwembwe.

"Atate, nionetseni, muchita bwanji?"

Lilime la agogo linali litauma ndi matenda aja. Anangowayang'ana.

Mkono wa agogo utayamba kutopa, ntchito yanga inakhala yowagwirira chigongono kuti dzanja likhalebe m'mwamba. Tinkatero m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, dzuwa likutiwotcha, ntchentche zikutera pa mtedza. Kenako zinkhwe zakutchire zinayamba kubwera kudzadya mango akupsa, ndipo tsiku lina zitanyamuka, mumtengo munangoti zii, Kapitawo atapita nazo. Agogo anakhalabe akuyang'ana nthambi ija. Patapita kanthawi anachotsa okha chigongono m'manja mwanga, n'kuika dzanja pabondo. Kuyambira pamenepo phala ankalikana, ndipo mvula yoyamba inagwa titawaika kale m'manda.

Anthu amati nthawi imapoletsa mtima, koma ine sindinaone. Panopa ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo amayi anga, amene akalamba kwambiri, ndikuwasunga kwanga ku Linda. Za mbalame ija sitinakambiranepo ngakhale kamodzi. Koma ndikamawadzutsa pabedi, ndikawagwira chigongono chowonda chija, mtima umandiwawa chimodzimodzi, ndipo ndimazindikira kuti sindinawakhululukire pondiletsa kuphunzira mluzu uja. Sindinakhululukirenso mbalame ija. Amayi amandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Chipo, uganiza chani?" Ine ndimangoti palibe, kwezani mwendo, tiyeni mukasambe.