Chitini Chibwere Chopanda Kanthu

Malemu amayi anga, amene anachoka ku Dedza ali ndi mwana kumbuyo kudzagwira ntchito m'mafamu a kuno, ankandiuza kuti, "Esinati, munthu akamakusekerera usamuyang'ane kumaso, muyang'ane m'manja." Mawu amenewa ndakalamba nawo. Ndi omwenso ndinanyamula tsiku limene ndinakhoma chitseko changa pa komboni yathu kufupi ndi Banket n'kukwera basi ya ku Joni, anzanga a msinkhu wanga atakhala phee akulera zidzukulu.

Ntchito yosankha fodya inali itayamba kuvuta, chaka china akuitana, china ayi. Mnzanga wa kutchalitchi anandipezera yophika m'nyumba ya azungu. Chimene chinkandigwira mwendo chinali chimodzi: Tadiwa, mwana wa mwana wanga Yohane. Ali ndi zaka zitatu anadya nkhwani wotendera, milomo n'kutupa, mpweya n'kumatuluka ngati wa mluzu. Kuchipatala anati thupi lake limadana ndi mtedza ndi mazira, ndipo tsiku lina zikhoza kumupha. Pa komboni anati walodzedwa. Ine ndinati vuto ndi mayi wake, Rudo, Mzezuru amene kwawo dovi, chiponde chija, amathira ngakhale mu mpunga.

Ku Joni ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Lamlungu lina linkatha osayankhula ndi munthu, kupatula galu wa abwana, amenenso sindinkamukhulupirira. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma ndalama ikalowa m'thumba la mwamuna sudziwa kumene yatulukira. Ndinkafuna chinthu choti chifike m'kamwa mwa Tadiwa weniweniyo.

Mwana wa abwana anali ndi matenda omwewo, ndiye dona anandiphunzitsa mabisiketi opanda dzira, opanda mtedza. Ufa wa tirigu, mafuta ophikira, shuga, nthochi yakupsa yofinya m'malo mwa dzira. Ukaumba timipira, umatigubuduza mu shuga wosakaniza ndi sinamoni, n'kutipsinja ndi foloko. Mbale yake yakeyake, supuni yakeyake, m'manja kusamba kawiri. Lachinayi lomaliza la mwezi dona ankandilola uvuni. Ndinkawaika m'chitini, kuzunguliza selotepi katatu, n'kulemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu: ZA TADIWA YEKHA.

Dalaivala wa basi ya ku Harare ankandiseka. "Gogo, muli golide umu?"

"Muli zimene sizikukukhudza. Selotepi ikafika yodulidwa ndidziwa."

Ku Harare chitini chinkakwera kombi mpaka pa shopu ya pa famu. Kenako ndinkatumiza uthenga wa mawu pa foni, wautali, kufotokozera Rudo zonse zimene ndathiramo ndi mmene ndasambira m'manja. Sindinkamuphunzitsa ayi. Ndinkafuna amve kuti kusamala mwana n'kotani. Iye ankangoyankha kuti, "Zafika amai, tatenda."

Zaka zitatu zinatha choncho. Tsiku lina ndinapempha chithunzi cha Tadiwa akudya. Chinabwera. Mwana akumwetulira, mano awiri apatsogolo palibe. Ine kumwetulirako ndinakusiya, ndinayang'ana m'manja. Bisiketi imene anagwira sinali yanga. Yanga imakhala yopyapyala, ya mizere ya foloko. Iyi inali yonenepa, yakuda pansi. Ndinaikulitsa ndi zala mpaka foni inatentha. Ndinati basi, anga akugulitsa pa siteji, mwana akumudyetsa zoumba okha, mwina ndi dzira lomwe.

Sindinauze munthu kuti ndikubwera. Ndinatsika kombi masana, Loweruka, nthawi yoswa mtedza, makoko ali mbwee komboni yonse. Pakhomo loyamba, pa a Nabanda, ndinaona chitini changa, dzina la Tadiwa likuonekabe, chodzaza mtedza wokazinga.

"A Esinati, mwafika? Mabisiketi anu aja, koma ndiye mumatha. Ajawa a mwezi watha shuga anachepa pang'ono."

Pakhomo lachiwiri china, asungiramo mchere. Pachitatu china, nkhuku ikumweramo madzi. Pofika kwa Yohane ndinali nditawerenga zisanu ndi ziwiri, ndipo mawu onse ndinali nditawakonza.

Rudo ndinamupeza kuseri, atagwada pa mbaula. Anadzuka, kuombera m'manja, kufuna kulandira chikwama. Sindinamupatse.

"Amake Tadiwa, zitini zanga zikutani m'makomo mwa anthu?"

"Khalani pansi kaye, amai."

"Ndakhala masiku awiri m'basi. Yankha."

Anayankha ali chiimire. Katundu akatsika pa shopu, komboni yonse imakhala yamuona. Wa ku Joni satsegulidwa m'nyumba, inunso mukudziwa, amati ndinu omana. Ndiye Yohane anatsegula chitini choyamba pabwalo, aliyense n'kupisamo dzanja, manja omwe aja ochokera koswa mtedza. Otsalawo Tadiwa anadya awiri, milomo n'kuyamba kutupa. Anathamanga naye pa thirakitala. Chitinicho chinapita kwa a Nabanda, kumene kunali odwala, kuti nawonso alaweko, ndipo chinabwera chodzaza mtedza, poti mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu.

"Ndiye ndinawauza bambo ake kuti chikafika, chizipita m'makomo mwa anthu, chisalowe muno. Mabisiketi a Tadiwa ndimaphika ndekha."

Anavundukula poto wa pa mbaula uja, wa makala pamwamba pa chivundikiro. Fungo la sinamoni linandimenya. Mabisiketi onenepa, akuda pansi. Poto wakewake, supuni yakeyake yomangidwa kansalu kofiira. Sinamoni amakagula ku Chinhoyi. Njira yake anaitenga m'mauthenga anga aja omunyoza, amawamvera mobwereza.

"Foloko ndinalephera, imamatirira."

"Umaiviika m'madzi kaye," ndinatero, ndisanakumbuke kuti ndakwiya. "Nanga zaka zitatu zonsezi osandiuza bwanji?"

"Ndikanakuuzani kuti mwana watupa ndi mabisiketi anu, amai, mukanati wamutupitsa ndani?"

Ndinakhala pansi. Ndinafunsa ngati m'nyumbamo muli dovi. Anati chichokere kuchipatala koyamba kuja sanalawepo, ngakhale akapita kwawo, kuopa kubwera nalo m'zala.

Tadiwa anatulukira akuchokera kosewera, wamtali, wandiiwala pang'ono. Asanandipatse moni anapita pa ndowa kukasamba m'manja, mayi wake osamuuza. Ndinamupatsa bisiketi yanga ya m'chikwama, yopyapyala, ya mizere yake bwinobwino. Analuma, n'kuyang'ana mayi wake.

"Gogo, iyi siinapse."

Ku Joni sindinabwerere, maondo anakana. Yohane ndinamukalipira sabata yathunthu ndipo sindinamalize. A Nabanda amandifunsabe kuti chitini china chibwera liti, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Zaka zitatu ndinadyetsa komboni yonse, ndipo aliyense ali ndi maganizo ake pa za shuga. Amayi anga sananame, m'manja ndi moyenera kuyang'ana. Kungoti ine ndinayang'anitsitsa manja a munthu mmodzi, ena onse akupisa m'chitini.

Masiku ano timaphika awiri, Lachinayi, chitseko chotseka. Poto ndi wa Rudo, foloko ndi yanga. Sindinene kuti ndimamukhulupirira, ndimangomuyang'ana pang'ono kusiyana ndi kale.

Mukamadutsa msewu wa ku Chinhoyi, tsikani pa Banket mudzandizonde, nyumba ya chitseko chobiriwira kumapeto kwa komboni. Ndimakhala ndekha ndipo maondowa tsiku lina adzandigoneka pansi popanda wodziwa. Ndowa ili pakhomo, musambe m'manja ndikuona. Mtedza musabwere nawo. Ndikakupatsirani mabisiketi m'chitini, chibwere chopanda kanthu, mwambo ndiukhululukira ndine.