Sailesi Pakhonde la a Mohamedi

Mphekesera inayambira kudambo, kumene amayi amavuula chinangwa: akuti Sailesi walowa Chisilamu. Ena anati anamuona atavala kofiya. Ena anati ayi, sanavale, anangoigwira m'manja n'kumaiyeza ndi maso. Kunena zoona, nanenso ndinati mwina, poti munthu uja sanakhalepo pa chinthu chimodzi mpaka dzuwa kulowa.

Sailesi anabadwira ku Liwaladzi, ndipo mayi ake ankati ngakhale kumsana sankaberekeka, ankangophiriphitha ngati kampango m'bwato. Sukulu anaithawa, usodzi anausiya, ukalipentala anangoulawa. Amene anamugwira ndi Mulungu yekha, ndipo anamugwira ngati malungo. Belu la tchalitchi, chitsulo cha gudumu la lole chija, ankaliimba anthu asanasukusule. Akamapemphera pamaliro, anamfedwa ankatopa kulira iye asanafike pa Ameni.

Tsono kunabwera mawu akuti mpingo ukufuna munthu mmodzi wokathandiza kulalikira kutsidya kwa nyanja. Osati yathuyi ayi, yamchere, kuchilumba cha Unguja. Abusa asanamalize kulengeza, Sailesi anali ataimirira kale. Akulu a mpingo anavomera, nati adikire. Kudikira! Ndani anauzapo mwera kuti udikire?

Anayamba kudzikonzekeretsa yekha. Ankathira mchere m'madzi akumwa kuti thupi lizolowere, mpaka njira ya kuchimbudzi inasalala. Ankapita wapansi ku boma kukafunsa za pasipoti, kumene ankamufunsa khadi la chipani n'kumuuza kuti adzabwerenso. Koma chomudya mtima chinali chilankhulo. Akalalikira bwanji anthu osamva Chichewa? M'mudzi monse wodziwa Chiswahili chenicheni anali mmodzi: a Mohamedi, nkhalamba yosoka mikanjo kuseri kwa mzikiti, omwe agogo awo anachokera ku Unguja komweko.

Basi, tsiku ndi tsiku Sailesi pakhonde la a Mohamedi. Nkhalamba ikupalasa makina, iye akubwereza mawu ngati mwana wa kumadrasa. Pakamwa panazolowera. Mkazi wake Malita akafunsa kuti mubwera nthawi yanji, iye ankangoti, "Inshaala." Lamulungu lina, potsogolera pemphero, anayamba ndi "Mwenyezi Mungu," ndipo tchalitchi chonse chinatsegula maso.

Kunyumba Malita anamudikirira pakhomo, manja m'chiuno.

"Bambo, ine ndinakwatiwa m'tchalitchi. Ngati ndi mitala mukuisaka, nenani, ndimange katundu wanga kukadali kowala."

"Mayi, n'chilankhulo chabe!"

"Chilankhulocho n'chimene chakuletsani nkhumba? Inu amene munkanyambita ndi mbale yomwe?"

"A Mohamedi amati ndisamakhale pamkeka pawo ndi fungo lake. Ndichite bwanji?"

"Kawauzeni akulu a mpingo zimenezo. Akuitanani."

Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. A Maliko, mkulu wa mpingo wosadziwa kuseka, sanazungulire.

"Mwana wanga, sitingatume munthu kukawedza pamene iye wameza kale mbedza. Ku Unguja titumiza wina."

Sailesi anamva ngati bwato lamusiya pamchenga. Anatsegula pakamwa, Chichewa chinakana, Chiswahili anachiopa. Anaimirira, nakhala, naimiriranso. Kenaka liwiro! Akulu anayang'anizana, nati mwaona, wathawira kumzikiti.

Anathawiradi komweko. Posakhalitsa anatulukira akukoka a Mohamedi padzanja, nkhalamba ili wefuwefu, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Pepani, achimwene," anatero a Maliko. "Tingofunsa. Kodi munthuyu ndi wanu tsopano?"

"Wanga? Astaghafirula! Ndinalakwanji ine?" A Mohamedi anakana ndi mpando womwe. "Ndikamupatsa mawu akuti madzi, iye akufuna andibatize nawo. Ndikamupatsa akuti mkate, ulaliki mpaka tiyi kuzizira. Ndinamuphunzitsa akuti nkhosa, nkhosa yeniyeni ya ubweya, iye akuti yosochera ija ndinu, agogo. Ine! Pakhonde panga, ndi mawu anga omwe! Dzulo ndinasokera mkono wa mkanjo pakhosi chifukwa cha phokoso lake. Chonde, anthu a Mulungu, ngati muli ndi sitima, mukwezeni lero. Akavutitse abale anga a kumeneko, ine ndipumeko."

"Koma Chiswahilicho akuchigwira?" anafunsa a Maliko.

"Akuchigwira mwamphamvu zedi, mpaka chikulira. Koma adzamumva. Ngakhale ogontha adzamumva."

A Maliko anaphimba pakamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Za kutumiza wina sanazitchulenso.

Sailesi sanadikire ngakhale pemphero lotsekera. Anaperekeza nkhalamba, ndipo asanafike pamsewu anali atayamba kale kufunsa kuti kulapa amati chiyani. M'mawa mwake anali panjira ya ku boma, akuyankhula yekha, manja akulalikira mitengo ya m'mbali mwa msewu. Pasipoti inali isanatuluke.

Za Chisilamu zija zinali zabodza. Sailesi sanalowe.