Ndalama za Khirisimasi, Njala ya Febuluwale

Ndinaganiza zopita ku Dar es Salaam nditaima m'munda mwanga ku Kaporo, madzi akundilekeza m'mawondo. Mtsinje unasefukira mpunga utangoyamba kutulutsa ngala, ndipo m'mundamo munatsala matope ndi achule. Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita kukasaka ndalama kwa Aswahili.

"Chiswahilicho mukudziwapo mawu angati?" anandifunsa.

"Awiri. Chakula ndi pesa, chakudya ndi ndalama."

"Akukwanirani," anatero, n'kupitiriza kusenda nthochi zake.

Ndinawoloka Songwe ndi malaya awiri m'jumbo. Ntchito ndinaipeza kwa mwenye wina wogulitsa mpunga wapikulitsa. Ndinkasenza matumba, ndipo msana utayamba kudandaula anandiika pa ulonda. Tinkagona amuna asanu m'chipinda chimodzi, aliyense ndi chilankhulo chake cholotera. Lamlungu ndiye linkandivuta, chifukwa kunalibe thumba loti ndinyamule kuti ndiiwale kwathu. Nthawi zina kunkafika mpunga wa kumbali zakwathu. Ndinkauzindikira ndi fungo thumba lisanamasulidwe, ndipo ndinkachedwa nalo dala paphewa.

Pa ndalama ndinali ndi kachitidwe kanga, ndipo ndinkadziona wanzeru. Chaka chonse ndinkadzimana, tiyi wopanda mkaka, nsapato zosokedwasokedwa. Khirisimasi ikayandikira ndinkapereka zonse pamodzi kwa mnyamata wina wogwira ntchito m'basi, pamodzi ndi malamulo: mugule mbuzi, zakumwa, zitenje za alamu. Mnyamatayo analibe chinsinsi. Ankafika akulengeza kuyambira pamsewu, ndiye pofika pakhomo pathu achibale anali atakhala kale pamkeka. Dzina langa linkamveka mudzi wonse, ndipo ine kutali kuja ndinkakhuta nalo.

Ikafika Febuluwale kunkabwera uthenga wina. Esinati ankapempha kangachepe kolipira aganyu owokera mpunga ndi kogulira chinangwa. Ine m'thumba munali mbee. Ndinkakwiya, n'kumauza anzanga kuti akazi a kwathu ali ndi manja obowoka. Esinati ankapita kwa mavenda. Venda amakupatsa ndalama ya ndowa imodzi mpunga ukadali msipu, pokolola n'kudzatenga ndowa zitatu. Chaka ndi chaka zinkayenda choncho.

Sukulu ndinayamba ndili ndi imvi, m'kalasi ya akuluakulu ya kutchalitchi kwathu ku Dar. Ndinkagwira pensulo ngati khasu, aphunzitsi n'kumaseka, "Mzee, pole pole, pang'onopang'ono, pepalalo si munda." Nditadziwa kuchulukitsa, samu yoyamba imene ndinadzipatsa ndekha inali ya ndowa zija. Ndinapeza kuti mbuzi zanga za Khirisimasi zinkalipidwa ndi mpunga wa Esinati, ndipo mwina thumba lina limene ndinkanunkhiza paphewa linali lakelo. Pamenepo n'kuti iye atamwalira kale. Sindinamuuze kuti manja obowoka anali anga. Zimenezi ndimayenda nazo, ndipo sindikuona kuti zidzanditsika.

Ndinabwerera kwathu Januwale ali kumapeto, ndi kandalama kanga ka zaka zomaliza. Mwana wathu amagwira ntchito ku Mzuzu, choncho amene ankalima munda uja anali mdzukulu wanga Tusekile, mtsikana woyankhula pang'ono koma woyang'ana munthu m'maso. Msuweni wanga Ambokile sanachedwe kufika.

"Asuweni, munthu wochokera kutali salowa m'mudzi ngati nkhuku. Amapha ng'ombe. Ndakupezerani kale, yonona, mwiniwake ndi munthu womva."

Ndisaname, mtima unadumpha. Samu ndinkaidziwa, koma njala ya dzina siitha ndi sukulu. Ndinayamba kale kudziona nditakhala pampando, anthu akubwera mmodzimmodzi kudzandigwira dzanja. Ndinamuuza kuti Loweruka tikaione.

Lachisanu m'mawa panafika njinga yamoto pakhomo. Anatsika venda wa mpunga, bambo wovala jekete, wansangala, wodziwa dzina la aliyense mpaka la galu. Tusekile anamupatsa mpando, iye mwini n'kukhala pansi chapatali, nkhope itauma. Mbande zake zinali zitakula pa nazale, ndipo zikanapitirira sabata ina zikanakalamba. Aganyu sawokera pangongole.

"Monga mwa nthawi zonse, mlongo," anatero vendayo. "Imodzi, zitatu. Ine sindisintha ngati ena."

Tusekile anamupempha kuti abwerenso mawa. Njinga itapita anatembenukira kwa ine.

"Agogo, ng'ombe yanu ija ndi ndalama zingati?"

Ndinamuuza. Anawerengera chamumtima, milomo ikuyenda.

"Theka lake likwanira kuwokera ndi kupalira munda wonse."

"Ndiye ndikupatsa," ndinatero, ndikumva kukoma kuti ndikhala munthu wabwino.

"Ayi, musandipatse. Ndibwerekeni. Ndalama yopatsidwa imakhala ndi eni ake ambiri. Mukandipatsa, mawa azakhali abwera ndi dzino lowawa, amalume ndi njinga yothyoka. Ikakhala ngongole ndiwauza kuti si yanga, ndi ya nkhalamba ija yovuta ya ku Tanzania."

"Ine ndakhala nkhalamba yovuta?"

"Muyenera kukhala. Mukafewa tonse tagwa."

Anatchula yekha kuti adzabweza liti, ndipo anawonjezerapo kapamwamba. Ndinakana, iye anaumirira, akuti ngongole yopanda kapamwamba munthu amaiiwala. Theka linalo anandiletsa kulikhudza. Anati nkhalamba imadwala mosalengeza.

Ambokile anakhumudwa kwambiri. Anauza anthu kuti ndabwera ndi chikwama cha Mswahili, chosokedwa kukamwa. Kutchalitchi azibambo ankandipatsa moni bwinobwino, kenaka wina n'kufunsa motsitsa mawu, "Mzee, nyama ija yapsa?" Poyamba zinkandiwawa. Kenaka ndinazolowera, n'kumawayankha kuti nkhuni zake zikadali zaziwisi. Mmodzi anandiuza kuti mkazi wake anasala kudya masiku awiri pokonzekera, ndipo ndimulipire.

Mvula inatikomera chaka chimenecho. Nthawi yokolola njinga zamoto zinadzaza m'mudzi, ngolo zikutsatira pambuyo. Ndinakhala pakhonde n'kumaona matumba akutuluka m'nyumba za anzathu, eni ake ataima pambali manja ali kumbuyo. Venda wa jekete uja anaima pathu, n'kupempha madzi akumwa. Anasuzumira m'nyumba, anaona matumba atasanjikizana pa mitengo mpaka kufika pawindo.

"Mugulitsa?"

"Akadzayamba kuusowa," anatero Tusekile.

Anangogulitsa pang'ono kuti agule mchere ndi sopo. Wotsalawo unakhala, ife n'kumagona mopanikizana nawo, tikulimbana ndi makoswe. Ndinapeza mphaka, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yokhayo imene ndinathandizapo. Kutentha kutafika pachimake mtengo unakwera, ndipo anagulitsa. Asanagule kanthu kalikonse anapatula ndalama ya Febuluwale wotsatira n'kukaisunga ku gulu lawo la banki m'khonde, kumene ngakhale iye mwini sangaitenge mwachibwana. Kenaka anabwera kwa ine, n'kuwerenga yanga patebulo. Inaperewera pang'ono.

"Apa pavuta," ndinatero, ndikunyadira samu yanga.

"Sipanavute. Ndachotsapo ya shuga. Mumathira masupuni anayi, agogo."

Sabata yomweyo anabwera ndi anzake atatu, anyamata awiri ndi mtsikana, onse olima mpunga. Ndinakonza kukhosi kuti ndiwaphunzitse za ndowa imodzi ndi ndowa zitatu, phunziro limene ndinakalitenga kutali ndi msana wanga. Sanandilole kumaliza. Ankaidziwa samuyo kuyambira ali ana, chifukwa anakula akuona matumba akutuluka. Wina anaiwerengera m'mutu ine ndisanapeze pensulo. Chimene ankafuna n'choti ndalama ija ndisaidye, idzawadikire mpaka nthawi yowokera kuti nawonso adzabwereke.

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kwathu kukusowa munthu wolemera ndiponso munthu wanzeru, ndipo ndinkayesetsa kukhala onse awiri. Kunkangosowa kandalama kochepa kofika mwezi woyenera. Ndinawauza anawo kuti adzabwere mbande zikadzakula, ndipo Tusekile anawachenjeza pamaso panga kuti nkhalambayi ndi yovuta.