Thadzi la Amayi Linapita ku Amereka

Ndikukumbukira fumbi la pamsewu ku Nsipe, chaka chomwe othawa nkhondo a ku Mozambiki anadzaza midzi yathu. Ndinali Sitandade 4. Malole ankatsitsa matumba a chimanga chachikasu cha ku Amereka chonunkha mankhwala, thumba lililonse lojambulidwa manja awiri akupatsana moni. Ngakhale ife eni mudzi tinkalandirako. Matumba akatha amayi ankandisokera kabudula, moti manja a Amereka aja ankagwirana chanza pamatako panga penipeni.

Kwathu mbale yobwera ndi chakudya sibwerera yopanda kanthu. Atamva kuti mzungu wa chimangacho akubwera, amayi anagwira thadzi lathu limodzi lokhalo, loikira mazira, nalimanga miyendo ndi luzi. Ndinalinyamula ine, mtima wake ukugunda m'manja mwanga. Amayi anagwada pafumbi, napereka ndi manja awiri. Mzungu anaseka, anajambulitsa nalo, kenako analipatsira dalaivala osaliyang'ananso. Galimoto isanakhote, ndinaona dalaivala akuligulitsa kwa wokazinga tchipisi. Ndinawauza amayi. Anandikoka khutu. "Bodza iwe! Tsopano tili ndi abale ku Amereka."

Ku sekondale m'pamene ndinapsa mtima bwino. Tinaphunzira kuti chithere nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, Amereka ankasankha anzake poona yemwe akudana ndi chikomyunizimu. Boma lathu linkadana nacho, ndiye anthu akamatsekeredwa popanda mlandu, abale athuwo ankayang'ana kumbali. Chikomyunizimu, mdani wawo uja, chitagwa, mwadzidzidzi anakumbukira ufulu wachibadwidwe. Chikumbumtima chanji chodzuka pokhapokha malonda akatha?

Chaka chatha thandizo lawo linadulidwa, ndipo mlangizi wa zaumoyo yemwe ankayendera mlongo wanga wodwala anasiya kubwera. Amayi, omwe pano akuyendera ndodo, anandifunsa motsitsa mawu: "Kodi abale athu aja tawalakwira chiyani?"

Anthu akuti Amereka wasintha. Sanasinthe kanthu! Amapereka pomwe zikumukomera, amachoka pomwe zamukomera, ndipo nthawi zonse amati ndi chifundo. Chimanga tinadya, sindikana, ndipo ambiri chinawapulumutsa. Cholakwa chathu n'chakuti tinayesa malonda chibale. Koma amayi sindinawauze zimenezo. Ndinangoti mwina abale athuwo atanganidwa ndi ntchito. Anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati tingawatumizirenso nkhuku.