A Dikirani ndi Uthenga Wabwino

M'nkhani ino simufa munthu. Zimenezi zanenedwa poyambirira kuti mtima wa wowerenga ukhale m'malo, pakuti mwini nkhaniyi anatsala pang'ono kutaya chikhulupiriro cha akazi awo chifukwa chosunga mawu otere kumapeto.

Anthu ankawatchula kuti a Dikirani, ngakhale silinali dzina lawo la ubatizo. Ankagwira ntchito m'kachipinda kopanda zenera, pamwamba pa sitolo yogulitsa mafoni, pa kampani ina yogawa mafilimu ku nyumba zoonetsera kanema. Ntchito yawo inali yodula kalambulabwalo, kafilimu kakafupi kamene kamaonetsedwa filimu yeniyeni isanatuluke kuti anthu aikhumbe; a pantchitopo amangoti tirela. Ambiri mwa mafilimu amene ankafika pa kompyuta yawo anali a nthano za sayansi: zombo zouluka pakati pa nyenyezi, makina opandukira owapanga, ndi zolengedwa zotsika kuchokera kumaiko osadziwika.

Luso lawo linali lomana. Ankayamba ndi mtendere: mayi akuyanika zovala, galu wagona pakhonde. Kenaka mthunzi waukulu unkadutsa pa zovalazo, galu n'kudzuka. Chinthu choopsacho sankachionetsa chonse ayi. Ankangoonetsa nkhope za anthu oyang'ana kumwamba, kapena phazi limodzi likuphwanya galimoto. Mnzawo woona za mawu, amene onse ankamutcha Makutu, ankaikamo kulira kwapansipansi konga kwa njuchi zili m'mphako, ndi kugunda konga kwa mtima. Zithunzi zinkafupika, zinkathamanga, mpaka wasayansi wina atatembenuka n'kuyamba kunena chimene apeza pansi pa nyanja. Mawuwo ali pakati, a Dikirani ankadula. Mdima. Zii. Ndipo woonera atagwira mpweya mpaka chifuwa kuwawa, pankamveka chiphokoso chimodzi, dzina la filimu n'kutulukira.

Ankakonda kumuuza Makutu kuti mantha sakhala m'chilombo, amakhala m'kudikira. Munthu ukamupatsa mdima, amabwera yekha ndi chilombo cha kwawo, choposa chilichonse chojambula. Ankanena zoona. Koma sanaganizepo kuti chilombo chimene munthu amabwera nachocho chimakhala chenicheni, ndipo nthawi zina chimakhala ndi manda ake.

Kunyumba kwawo kunali akazi awo, telala wa zovala za amayi, amene ankasokera pakhonde. Anali mayi wodwala matenda othamanga magazi, koma wa nthabwala. Chizolowezi cha kuntchito a Dikirani ankafika nacho mpaka pakhomo. Akagula kanthu, ankakabisa kumbuyo. Atakwezedwa pa ntchito, analowa ndi nkhope ya munthu wochotsedwa. Akazi awo ankaseka, n'kumati bambo amenewa tsiku lomwalira adzasiya mawu otsiriza pakati, anamfedwa adzachite kugula tikiti kuti amve zotsala. A Dikirani ankakondwera nazo zimenezi. Kwa iwo, kumudikiritsa munthu kunali kumukometsera chimwemwe, monga mchere umakometsera ndiwo.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo atakwatiwa, mimba yake yoyamba inamuvuta. Madokotala anati adzachira kudzera pa opaleshoni. A telala anali ndi chifukwa chawo choopera. Ali mtsikana, mkulu wawo anamwalira pobereka, ndipo uthenga unabwera ndi amalume awo, amene anayenda pang'onopang'ono, nakhala pansi, napempha madzi akumwa asananene kanthu. Nkhani imeneyi a Dikirani ankaidziwa, koma monga munthu adziwira filimu imene anangoimva kwa anzake, osaiona ndi maso.

M'mawa wa tsiku la opaleshoni, a telala anadzuka miyendo itatupa, ndipo onse anagwirizana kuti atsale. A Dikirani anapita ndi mkamwini wawo. Pabenchi ya m'chipatala anaphunzira kudikira kwa mtundu wina, kopanda woimba ndi wodula. Chitseko chikatseguka, mtima unkalumpha; chikatsekeka, ankabwerera ku pemphero limene anali atalisiya pakati. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, namwino anatuluka, nanena zonse mu mpweya umodzi: mayi ali bwino, mwana ali bwino, ndi wamkazi.

Mkamwini anagwada pomwepo. A Dikirani anatulutsa foni, naona kuti akazi awo aimba kale kangapo. Chala chinali chitafika pa dzina lawo pamene ganizo linawabwerera, lakuti uthenga waukulu chotere sungaperekedwe pa foni ngati mtengo wa ulusi. Anamupempha mkamwini kuti asaimbe, nazimitsa foni yawo. Munalibe nkhanza mumtima mwawo. Anafuna kupatsa mkazi wa ubwana wawo mphatso yoposa zonse, ndipo mphatso yoposa zonse imene ankaidziwa inali luso la manja awo. M'minibasi monse ankaukonza uthengawo: poyambira, popumira, ndi pophulikira chimwemwe.

Atafika pageti, makina osokera analeka kulira. A Dikirani anayenda pang'onopang'ono, nkhope ili pansi. Anakhala pa mpando wa makasitomala, napempha madzi. A telala sanadzuke kukatunga. Anangowayang'ana, sizasi ili m'manja.

“Mayi,” anatero a Dikirani, “madokotala anayesetsa ndithu…”

Ndipo anadula. Mumtima ankayeza utali wa mdimawo monga ankachitira kuntchito, akumva kuseka kukukwera kukhosi.

A telala sanakuwe. Sizasi inagwa, iwo natsetsereka pampando mpaka pansi, akutchula motsitsa dzina la mkulu wawo uja ndi la mwana wawo, ngati onse awiri agona m'bokosi limodzi. A Dikirani anafuula uthenga wonse, kuti ali moyo, onse ali moyo, ndi mdzukulu wamkazi. Koma mawuwo anapeza chitseko chotseka. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anathamangira kumeneko, ndipo madzulo a tsiku limene linayenera kukhala la nyimbo, a telala anagona pa bedi la kachipatala kapafupi, akuwatsitsa kuthamanga kwa magazi.

Anachira. Anamunyamula mdzukulu wawo, namusokera timalaya tambiri. Amuna awo sanawakalipire, ndipo chakudya sanawamane. Koma china chake chinali chitachoka. A Dikirani akamalowa pageti, a telala sankakwezanso maso kuti awerenge nkhope yawo. Akanena kuti khanda lagona bwino, a telala ankavomera mwaulemu, kenaka n'kupita kuchipinda kukamuimbira mkamwini. Ngakhale za mtengo wa makala ankakafunsanso kwa mayi woyandikana nawo uja. Mwamuna amene ntchito yake inali kugwira maso a khamu analephera kupeza maso a munthu mmodzi wa m'nyumba mwake.

Tsiku lina masana, akuthandiza akazi awo kupinda nsalu, a Dikirani anawapepesanso, nafotokoza kuti ankangofuna kuti chimwemwe chikule.

“Chinali chachikulu kale,” anayankha a telala, osaleka kupinda. “Chinkasowa chiyani? Mwana wanga ndinamuika m'manda tsiku lija, bambo. Munamuukitsa, inde. Koma dzenje munakumba ndinu, mukudziwa kuti ali moyo.”

Aliyense wozolowera Malemba akudziwa kuti amithenga a Kumwamba akafika kwa munthu ndi uthenga, amayamba ndi kumuchotsa mantha, nkhani n'kubwera pambuyo. Iwo amene akanatha kugwedeza dziko ndi kukhala chete kwawo sasewera ndi mtima wa mbusa kapena wa namwali. Mulungu amatidikiritsa ndithu, koma satidikiritsa kuti asangalale ndi nkhope zathu. Chiyembekezo chikachedwetsedwa, mtima umadwala. Ndipo amene wanyamula mankhwala m'thumba, namayenda pang'onopang'ono dala, adzafunsidwa za mayendedwe akewo.

Kuntchito anapitiriza kudula, pakuti ntchitoyo payokha inalibe tchimo. Amene anawathandiza kuona kusiyana kwake anali Makutu, munthu wosapemphera kwenikweni. Iye anati woonera kanema amalowa yekha, amasankha yekha mpando, ndipo amadziwa kuti magetsi ayaka. Kodi alamu aja anagula liti tikiti? Anawonjeza kuti iye akanakhala mkazi wawo, akanawasoka pakamwa ndi makina omwewo. A Dikirani anaseka pang'ono, koma mdima wa tirela ya tsiku limenelo anauyang'ana nthawi yaitali asanausiye m'malo mwake.

Khanda litayamba kukhala pansi, foni yawo inalira m'mawa wina ali kuntchito. Anali mwana wawo, akulira. Mdzukulu anali atatentha thupi kwambiri, ndipo anali atamugoneka m'chipatala pa diripi. Mwanayo anawapempha kuti apite okha kunyumba, akawauze amayi ake pang'onopang'ono, moyamba ndi nkhani zina, poopa matenda awo othamanga magazi aja.

Pempholi linkamveka lanzeru, ndipo linali la chikondi. A Dikirani anaimirira, natenga jekete. Koma anadziona akulowa pageti nthawi yosayenera, akukhala pampando, akusakasaka poyambira. Naona kuti kuzungulira kwa chifundo ndi kuzungulira kwa masewera kumasiya mdima wofanana kwa amene akudikira. Anaika jekete pansi, naimba pomwepo.

“Mayi, mdzukulu ali moyo. Watentha thupi, amugoneka m'chipatala, ali pa diripi. Madokotala sananene kuti atuluka liti. Amake ali naye. Ndikubwera kudzakutengani.”

Ulendo uno wogwira mpweya anali a Dikirani.

“Palibe china?” anafunsa a telala.

“Palibe. Zimene ndikudziwa zathera pomwepo.”

Anawapeza ataima kale pageti, chikwama chili m'manja, makina ataphimbidwa ndi nsalu. Mayi woyandikana nawo uja anali pambali pawo, foni yake ili chire, akufunsa ngati amuimbire mkamwini kuti amve bwinobwino mmene zinthu zilili. A telala anakweza maso, nayang'ana nkhope ya amuna awo, imene inali ya thukuta ndi mantha, yopanda chobisika chilichonse. Anaiyang'ana mosafulumira, monga amayang'anira msoko asanapereke chovala kwa mwini wake.

“Musavutike, anzanga,” anatero. “Bambo anena kale.”

Anawapatsira amuna awo chikwama chija, nawagwira mkono chifukwa cha miyendo yotupa ija, ndipo anatsika limodzi kumka kokwerera minibasi.