Khomo la Lupe pa Kompyuta

Seini Fonua amachapa zovala kunyumba yosungirako okalamba ku Mount Druitt. Akaweruka amapita kwa mchimwene wake Viliami, kumene ana asanu amamudikira ndi njala komanso ntchito za kusukulu. Ntchito yachiwiriyi ilibe dzina, ndipo sindinamvepo wina akuitchula. Ine ndimaiona chifukwa nyumba yanga ndi ya Viliami zinangosiyana ndi mpanda.

Kwa Viliami, monga kwa Atonga ambirife ochokera kuzilumba za m'nyanja yamchere, chinthu chikalowa m'nyumba n'cha aliyense. Kompyuta nayonso inali ndi khomo limodzi lolowera m'pulogalamu ya mabuku, lomwe sukulu inatsegulira Lupe, wa zaka zisanu ndi chimodzi, kuti aziphunzirirapo kuwerenga. Mchimwene wake wamkulu, Taniela, ankalowera pomwepo n'kumamaliza mabuku ovuta, pofuna timasewero tomwe timabwera ngati mphoto. Aphunzitsi ataona zotsatirazo anakweza Lupe, n'kumuika m'gulu la akatswiri. Mwana anayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse, sukulu osaifunanso.

Seini anatulukira vutoli akuphika. Anapempha Lupe kuti amuwerengere zolembedwa pachitini cha nyama, mwana n'kungogwetsa misozi. Mawa lake anakalankhula ndi aphunzitsi, ndipo Loweruka anakhala pakompyuta n'kutsegulira mwana aliyense khomo lake, la chithunzi chake ndi mawu ake achinsinsi.

"Achemwali, mwayamba kutikhomera maloko m'nyumba muno?" anatero Viliami. "Tasanduka azungu?"

"Mswachi wanu mumabwereka ndani?"

"Aaa, imeneyo ndi nkhani ina."

"Ndi yomweyo. Tasunthani, mimbayo ikunditchingira kuwala."

Viliami anaseka n'kuchoka. Kwathu azakhali akalamula za ana a mchimwene wawo, nkhani imathera pomwepo.

Chovuta chinali chakuti Lupe sankadziwa pamene zilembo zili pamabatani a kompyuta. Kumulembera mawu achinsinsiwo papepala kukanakhala kupatsa Taniela kiyi. Choncho Seini anajambula mabatani onse pachivindikiro cha katoni, n'kuchiika pambali pa thebulo lositira. Iye akusita malaya oyera a kutchalitchi, Lupe ankagogoda katoniyo ndi chala, chilembo chimodzichimodzi, mpaka chala chinayamba kupita chokha.

"Ukauza ndani?" anafunsa Seini.

"Inuyo basi."

"Abusa akakufunsa?"

Lupe anaganiza kaye. "Ndiwauza kuti afunse inu."

Aphunzitsi anamubwezera m'gulu la anzake, ndipo m'mimba munasiya kupweteka. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinamumva pawindo akuwerenga mokweza nkhani ya galu wonyowa, akukakamira pa mawu ena koma osaima. Kenaka ndinamva bambo ake.

"Iwe Lupe, tandilowetsa pakhomo pakopo, ndione zigoli za mpira."

"Ayi adadi. Mukandiwerengera mabuku, andikwezanso."

"Ine? Mabuku?"

"Musadandaule achimwene," anatero Seini ali kukhitchini, m'manja muli thovu. "Ndikamaliza mbalezi ndikutsegulirani lanu. Katoni ija ikadalipo."